Mmene Lizete Analowetsera Intaneti M'makomputadori Otayidwa

Lizete anabadwira ku Bagamoyo, kufupi ndi tawuni ya Moatize, m'banja la oumba njerwa. Bambo ake, a Cândido, anali ndi uvuni wawowawo kumunsi kwa mudzi, ndipo Lizete anakula akuponda dothi ndi kuyanika njerwa zaziwisi akaweruka kusukulu. Sanali wolankhulalankhula, koma manja ake sankakhala malo amodzi. Wailesi ya bambo ake anaimasula kangapo kuti aone chimene chimalankhula m'katimo, ndipo nthawi zonse ankaibwezera ikulirabe, kupatula kamodzi pamene anagona ndi njala chifukwa cha mkwiyo wa mayi ake.

Migodi ikuluikulu ya malasha itatsegulidwa, mabanja a ku Bagamoyo anasamutsidwa. Nyumba yatsopano anapatsidwa, yamalata, koma dothi la kumeneko silinali loumbira njerwa. A Cândido anayesa kupirira, kenaka anatenga akazi awo n'kukwera kumapiri ku Zóbuè, kwawo kwa mayiwo, kukalima kabichi ndi mbatatesi. Lizete anatsala ku Moatize. Anali atamaliza kalasi ya khumi, ndipo anapeza ntchito yosesa m'maofesi a kampani ina yonyamula zipangizo za kumgodi pa magalimoto akuluakulu.

Masiku amenewo Moatize inali yodzaza. Anthu ankachokera ku Maputo, ku Beira, ngakhale kutsidya kwa nyanja, ndipo kachipinda kogona munthu mmodzi ankakalimbirana anthu atatu. Fumbi lakuda linkalowa paliponse, m'makutu, m'mphika, m'zovala zoyanika. Lizete ankapukuta matebulo m'mawa, pofika masana anali atadanso. Akuluakulu ataona kuti amawerenga bwino Chipwitikizi, anamusamutsira kosungira katundu, kumene ankalemba zotuluka ndi zolowa pa komputadori. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi Danilo, tekiniko wochokera ku Quelimane amene ankakonza makomputadori a kampaniyo. Danilo anali wokonda kufotokoza, ndipo Lizete anali wokonda kufunsa, choncho nthawi ya chakudya chamasana sinkawakwanira.

Mtengo wa malasha utagwa, makampani ang'onoang'ono anayamba kutseka mmodzimmodzi, ndipo wawo sunapulumuke. Sabata yomaliza, Danilo anamuitanira kuseri kwa ofesi, kumene kunaunjikidwa zinthu zokataya.

"Mana Lizete, ndapempha kwa patarau, bwana wathu, ndipo wavomera," anatero Danilo. "Makomputadori anayi awa ndi anu. Atatu ndi opinda, imodzi ndi ya patebulo. Ndi okalamba, koma sanafe."

"Ndikapita nawo kuti ine?"

"Kwanu ku Zóbuè kuli malo oti munthu angalembe kalata pa makina?"

Lizete anaganiza. Sanakumbukire malo alionse.

Kampani inali itafufuta zonse zimene zinali m'makinawo, moti ukawayatsa ankangoonetsa mdima. Danilo anatha masana athunthu akuikamo dongosolo lina loyendetsera komputadori, lotchedwa Linux. Anamufotokozera kuti ndi laulere, kuti analipanga ndi anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense amaloledwa kulikopera ndi kulikonza. Anati makina okalamba limawayendetsa mopepuka. Anayesa kulemba, zinatheka. Anayesa kusindikiza, zinatheka. Intaneti sanayese, chifukwa ya mu ofesi anali ataidula kale, ndipo m'mawa mwake Danilo anakwera basi ya ku Nacala kumene anali atapeza ntchito kudoko.

Lizete anakulunga makinawo m'nsalu za kapulana n'kukwera nawo chapa, minibasi ya ku Zóbuè. Atatu opindawo anawafungata pamiyendo. Yaikuluyo kondakitala anaikankhira pansi pa mpando wakumbuyo, pakati pa thumba la nsomba zouma ndi tayala, ndipo pa dzenje lililonse la mumsewu Lizete ankaimva ikugunda chitsulo.

Ku Zóbuè kunali kozizira, ndipo magalimoto opita ku Malawi ankafola mzere wautali pachipata cha malire. Miyezi yoyamba Lizete ankathandiza makolo ake kugulitsa kabichi m'mphepete mwa msewu, makomputadori ali pansi pa bedi. Kenaka analimba mtima n'kupita kwa a Momed, mwini loja, sitolo ya nsalu ndi ziwiya, amene anali ndi kachipinda kopanda ntchito kuseri ndiponso kabokosi ka wayifayi pa shelefu. A Momed anamumvetsera mpaka kumapeto, akusisita ndevu zawo.

"Chipindacho tengani, mayi Lizete. Wayifayi ndi yomweyi, masana onse imangokhala. Anthu akamabwera kwa inu azidutsa pakhomo panga, ndiye ine sindikutaya kanthu."

A Cândido atamva anasangalala kuposa mwana wawo. Anakumba dothi kuseri kwa munda, naumba njerwa, naziotcha, n'kumangira Lizete tebulo lalitali logundana ndi khoma, pamwamba atapaka simenti yosalala. Aka kanali koyamba kuumba njerwa chichokereni ku Bagamoyo, ndipo akazi awo ankati ngakhale kuyenda kwawo kunasintha.

Munthu woyamba kufika anali Aurora, profesora wa kusukulu ya pulayimale. Aurora ankachita maphunziro apamwamba a pa intaneti, ndipo nthawi iliyonse yotumiza ntchito yake ankakwera chapa mpaka ku Tete, chifukwa pa foni yake yaing'ono sizinkatheka. Atamva kuti kuseri kwa loja ya a Momed kukutsegulidwa malo a makomputadori, anauza aphunzitsi anzake, nawonso anauza ena. Tsiku lotsegulira, kachipindako kanadzaza mpaka ena anaima pawindo.

Lizete anayatsa komputadori yoyamba. Inayaka bwinobwino. Anapita pakona pamene pamayenera kuoneka maina a mawayifayi apafupi, koma panalibe dzina ngakhale limodzi. Anayatsa yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu ndi yachinayi, chimodzimodzi. Anayang'ana foni yake, ndipo foniyo inkaiona wayifayi ya a Momed yodzaza. A Momed anazimitsa kabokosi kawo n'kukayatsanso, koma sizinasinthe kanthu. Anthu anadikira pang'ono, kenaka anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ena akunena mwaulemu kuti adzabweranso. Wina ali panja ananena mokweza kuti zinthu zotayidwa zimatayidwa pa chifukwa. A Cândido anali atakhala pakhomo ndi chipewa chawo chakutchalitchi. M'mawa mwake Aurora anakwera chapa ya ku Tete monga mwa kale.

Lizete anamuimbira Danilo kangapo, foni yosayankhidwa. Kudoko sankaloledwa kugwira foni pa ntchito. Patapita masiku, uthenga wa mawu unafika.

"Mana, pepani, ndinayenera kuyesa ndisanachoke. Mu komputadori iliyonse muli kachipangizo kogwira rede, kapena kuti netiweki, timakatcha pulaka. Mwina Linux sikukaona, mwina ikukaona koma ilibe draiva wake, ndiye kuti kapulogalamu koiuza mmene ingakagwiritsire ntchito. Tsegulani windo lakuda lija ndinakuonetsani, mulembe lspci. Itulutsa maina a zipangizo zonse zimene ikuziona. Mukapezamo pulakayo, tengani dzina ndi manambala ake mufufuze pa foni. Anthu ambiri anakumanapo nazo. Ine akunditumiza kwina kumene kulibe rede, musadabwe ndikakhala chete."

Windo lakudalo Lizete ankaliopa. Kuofesi ankaliona Danilo yekha akulembamo, ndipo ankaganiza kuti kulakwitsa chilembo chimodzi kungaphe makina. Komabe analemba zilembo zisanuzo ndi chala chimodzi. Mizere inatsika. Anaiwerenga umodziumodzi, osamva yambiri, mpaka chakumunsi anapeza mzere wotchula rede, wotsatidwa ndi dzina la kampani ndi manambala. Mtima unakhala pansi pang'ono. Pulakayo inalipo, ndipo komputadori inkaiona.

Analemba manambalawo pa foni, ndipo anapeza zimene sankayembekeza: mabwalo a pa intaneti odzaza anthu odandaula vuto lomwelo, ena a ku Brazil, ena a ku Portugal, ena a ku Angola, ndi anthu ena osawadziwa akuwayankha moleza mtima. Za Chipwitikizi ankawerenga yekha. Koma mayankho omveka kwambiri anali a Chingerezi, ndipo apa Aurora anathandiza. Iye anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, makolo ake atathawira ku Mwanza, ndipo sukulu anayambira komweko. Akaweruka ankabwera ndi choko m'manja, n'kukhala pa tebulo la njerwa lija, iye akumasulira, Lizete akuyesa.

"Akuti utsitse draiva wake pa intaneti," anatero Aurora tsiku lina, akukweza foni m'mwamba.

"Pa intaneti iti? Si ndiyo tikuifuna imeneyo?"

Aurora anawerenganso, n'kuseka. "Ndi zomwezo. Onse akunena zomwezo. Kuti upeze intaneti, yamba wapeza intaneti."

A Momed, amene anabwera kudzasuzumira, anamva mawu oti draiva n'kunena kuti pamzere wa magalimoto panja pali madalaivala oposa amene dziko likufuna, atha kuitana mmodzi. Anaseka onse atatu, koma Lizete anapita kunyumba mutu uli wolemera. Mayi ake anamuuza kuti kabichi wakhwima ndipo manja akuchepa kumunda. Sanamukalipire, koma Lizete anamva chimene ankatanthauza. Anayamba kupita kumunda m'mawa, kuchipinda masana.

Yankho analipeza pansi penipeni pa tsamba lina, lolembedwa ndi mayi wina wa ku Brazil amene ankati amakhala kumudzi. Mayiyo analemba kuti foni ingathe kubwereka komputadori intaneti yake kudzera pa kabu, chingwe chomwe chija chotchajira, ndipo pa njira imeneyi Linux kawirikawiri sifuna draiva wapadera. Lizete analumikiza foni yake msangamsanga. Foni inayamba kutchaja, koma malo oyatsira kugawana intaneti anali otuwa, osadinika. Anazula, analowetsanso, anasintha bowo. Palibe. Anabwerera pa tsamba lija n'kuwerenga mayankho a pansi pake, ndipo munthu wina anali atalemba kuti zingwe zina zimangonyamula moto wokha, sizinyamula uthenga.

Loweruka, tsiku la msika, Lizete anaika komputadori imodzi m'chikwama n'kupita pa benchi ya wogulitsa zingwe ndi mabatire. Anapempha kuti ayese asanagule. Wogulitsayo anadabwa, koma anamulola. Anakhala pa mwala pakati pa ogulitsa tomato, komputadori pamiyendo, akuyesa chingwe chimodzichimodzi, anthu akumuzungulira kuti aone. Zingwe zokongola za mitundumitundu zonse zinakana. Chimene chinavomera chinali chakuda, chonenepa, chakale, chimene wogulitsayo ankatchajira foni yakeyake. Malo otuwa aja anawala. Lizete anadina, ndipo pakona pa komputadori panaoneka kachizindikiro kosonyeza kuti yalumikizidwa.

"Ichi ndiye ndikufuna," anatero.

"Chimenecho si chogulitsa, mayi."

"Ndikupatsani changa, ndigulenso china chatsopano chikhale chanu."

Wogulitsayo anavomera akupukusa mutu.

Vuto lina linatsala. Ku Zóbuè foni imatha kudumphira pa rede ya ku Malawi mwini wake osadziwa, ndipo kawiri konse kutsitsa kunaduka pakati. Lizete anaiuza foniyo kuti isasankhe yokha, n'kukwera kamtunda ka kuseri kwa msika kumene rede ya kwawo imagwira mwamphamvu. Aurora anamutsatira. Anakhala pansi pa mtengo wa bulugamu, mphepo yozizira ikuwomba, Lizete akukopera mawu a pa tsamba lija m'windo lakuda, chilembo ndi chilembo, Aurora akuwerenga mokweza kuti asalumphe kanthu. Mizere inathamanga, inaima, inathamanganso, kenaka inatha popanda kudandaula.

Anatsikira kuchipinda. Lizete anazula foni, anazimitsa komputadori, n'kuiyatsanso. Inatenga nthawi yake yonse ngati kale. Itayaka anapita pakona paja. Panali maina atatu: wayifayi ya a Momed, ya ofesi ina ya pamalire, ndi ya foni ya munthu wina wodutsa. Anasankha ya a Momed, analemba mawu achinsinsi, ndipo tsamba loyamba linatseguka.

Aurora anamugwira paphewa n'kumugwedeza. Lizete anaimirira, natuluka, nakaima pakhomo la loja.

"A Momed, tabwerani mudzaone dzina lanu."

A Momed anasiya kasitomala ali ndi nsalu m'manja. Anawerama, anavala magalasi, anawerenga dzina la loja yawo pa galasi la komputadori, n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu. Kenaka anatuma uthenga kumunda kuti a Cândido abwere. A Cândido anafika ndi matope kumapazi. Zolembedwazo sanazimve, koma anayang'ana nkhope ya mwana wawo n'kumvetsa. Anakhala pansi, napempha kuti awaonetse Moatize pa makinawo, ndipo Aurora anawapezera chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akulondola msewu ndi chala mpaka pamene panali mudzi wawo.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Aurora anatumiza ntchito yake ali ku Zóbuè.

Komputadori yachiwiri inali ya mtundu womwewo, ndipo Lizete anaipatsa draiva wake mosavuta. Koma itayakanso inakhalabe yosaona kanthu. Anafufuza, napeza mawu ena olemba m'windo lakuda, rfkill, amene anamuuza kuti pulakayo yatsekedwa ndi switchi. Anaitembenuza komputadoriyo uku ndi uku mpaka anapeza kaswitchi kakang'ono m'mbali, kokutidwa ndi litsiro, kamene wina anakakankha kalekale. Anakabweza ndi chikhadabo, kanyali kabuluu kanayaka, basi. Anadziseka yekha mpaka mkazi wa a Momed anabwera kudzafunsa ngati zili bwino.

Yaikulu ya patebulo inali ndi nkhani ina. Atalemba lspci, mzere wa pulaka ya wayifayi sunaonekemo n'komwe. Tsopano Lizete anali atadziwa tanthauzo lake: ngati komputadori sikuiona pulaka, kutsitsa draiva n'kutaya nthawi, vuto lili m'thupi mwa makina. Anazula moto, anamasula maparafuzo, timisomali topota tomangira chivundikiro, n'kuchichotsa. M'katimo munali fumbi la malasha lochindikala ngati bulangete. Anaitulutsira panja, anaipukuta ndi mswachi wouma, ndipo fumbi litachoka anaona kuti pulakayo yatuluka theka m'malo mwake, mosakayika chifukwa cha maenje a mumsewu muja. Anaizula, anapukuta timano take tagolide ndi borasha yofufutira ya Aurora, n'kuikankhira m'malo mwake mpaka inalira kuti tswa. Atayatsa, mzere uja unaoneka, ndipo iyi sinafunenso china chilichonse. Inagwira wayifayi yokha.

Yachitatu yopinda ija inakana mpaka kalekale. Lizete anayesa zonse zimene anaphunzira, anaitsegula, anaipukuta, anasinthanitsa pulaka yake ndi ya inzake n'kuona kuti pulakayo ndi yakufa. Zinamuwawa, chifukwa inali yooneka bwino kuposa zonse. Anaiika kumapeto kwa tebulo kuti ikhale yophunzirira kulemba, ndipo anthu ambiri a ku Zóbuè amene lero amalemba ndi zala zonse anayambira pa imeneyo.

Anthu anabwerera pang'onopang'ono. Anayamba aphunzitsi, kenaka ophunzira ofuna kulembetsa mayeso olowera ku yunivesite, amene kale ankapita ku Tete, kenaka madalaivala ofuna kusindikiza mapepala a katundu. Danilo atatulukira anamva nkhani yonse pa foni, ndipo anamufunsa mafunso ambiri za chingwe chija, nati iye sakanaganiza zokayesera pamsika. Lizete anachita chinthu china chimene sanauze munthu kwa nthawi yaitali. Anabwerera pa bwalo la pa intaneti lija n'kulemba m'Chipwitikizi chake zonse zimene anachita, kuyambira pa lspci mpaka pa borasha, kuti wina wokhala kutali ndi tawuni asavutike ngati iye. Patapita miyezi munthu wina wa ku Lichinga anayankha kuti zamuthandiza.

Lero kachipinda kaja kanakula, a Momed atagwetsa khoma limodzi, ndipo makomputadori ena ndi atsopanoko. Lizete anakwatiwa, ali ndi ana awiri, ndipo kumunda amapitabe nthawi yokolola. Anthu amamubweretsera makina okana intaneti kuchokera ku Moatize komwe.

Chaka chatha gulu la alimi a ku Kambulatsitsi linalandira makomputadori awiri a Linux, ndipo onse sankaona rede. Anatumizira Lizete njinga yamoto. Atafika anapeza mlembi wa gululo, mayi wachikulire dzina lake Gizela, atamukonzera mpando patsogolo pa makinawo. Lizete anausuntha mpandowo n'kuuika kumbali.

"Khalani inu apa, mayi. Ine ndikachoka, adzakonze ndani?"

"Ine zimenezi sindizidziwa, mwanangu. Ndiopa kuononga."

"Simuononga. Mawu oyambawa amangofunsa, sasintha kanthu. Lembani l, kenaka s."

Gizela anapukuta manja pa kapulana yake, anakhala pansi, n'kuyamba kufunafuna chilembocho. Pofika nthawi ya chakudya chamasana makina onse awiri anali atagwira rede, ndipo komputadori yachiwiriyo Gizela anaikonza yekha, Lizete ali panja akudya chimanga chootcha ndi alimi ena.